Mbale Imene Dal-su Sanaiponye

Mukamandilankhula muzikweza mawu, khutu lakumanzereli linafa kalekale. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinakhala ndikugogoda dzimbiri pa sitima za eni muno pa doko la Yeongdo, nditalendewera pa thabwa, hamala m'manja, ndiye zonong'ona musandivutitse nazo. Koma nkhaniyi si yanga. Ndi ya mchimwene wanga wamng'ono, Tak Dal-su, bambo uja mumamuona atakhala pa geti la kokonzera sitima, chipewa chili pamaso, wosayankha moni. Anthu amati ndi wamwano. Si wamwano ayi, musiyeni.

Dal-su ndinamulera ndine, poti mayi athu ankachoka kusanache kupita ku hamala yomweyi, ndipo bambo athu botolo linawamaliza iye asanayambe sukulu. Chibadwire, mwana ameneyu sadziwa mawu oti "mwina". Ukamutuma kukagula tofu, chibumu chofewa chija cha soya, ankaima pa golosale mpaka mwini wake adule molunjika. Ndinamumenyapo kangati chifukwa cha chidodo chimenechi? Kaya. Sizinathandize.

Chidodo chomwecho n'chimene chinadzamudyetsa. Atakula analowa ntchito pa sitima zomanga pansi pa nyanja, zija zazikulu zokhala ndi kireni kumbuyo ndi bwalo la helikopita kumutu. Ntchito yake inali kutsitsa zitsulo zazikulu ngati nyumba, pa chingwe, mpaka pansi penipeni pomwe dzuwa silifika, n'kukazikhazika pamalo pake ndendende, sitima ikugwedezeka ndi mafunde. Iye maso pa sikirini, zala pa zogwirira. Mabwana azikuwa kuti nthawi ikupita, iye yankho limodzi: "Dikirani kaye." Ankatha kukhala maola asanu ndi limodzi kudikira kuti mafunde agone pang'ono, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Dikirani. Koma pa zaka makumi atatu sanagwetsepo kanthu, ngakhale bawuti.

Kunyumba ankasiya mlamu wanga Ok-bun, mkazi wofatsa amene amagulitsa nsomba zouma pa msika wa Namhang. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Mi-ran. Tsiku limene Mi-ran ankabadwa, bambo ake anali kunyanja za ku Brazil. Woyamba kumunyamula ndinali ine, manja akununkha dzimbiri. Ali ndi zaka zinayi, Dal-su atabwera ku tchuthi, mwanayo anabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake n'kufunsa kuti, "Amayi, abambo awa agonanso kuno lero?" Tinaseka tonse. Dal-su anatuluka panja kukasuta, ndipo anachedwa kubwera.

Atakula anagwirizana zedi awiriwo. Mi-ran anatengera bambo ake kuuma mutu, ine ananditengera pakamwa. Ankandinena kuti, "Azakhali, inu foni mumangoivutitsa, ingotsegulani windo, tikumvani." Anapeza ntchito pa kampani ya nsapato, ndipo ankamutuma kumaiko a kum'mwera kukayendera mafakitale. Dal-su atapuma pa ntchito, mwana wake anamulamula kuti Lamlungu lililonse azidyera limodzi, abweze zaka zimene anajomba. Anadyera limodzi miyezi iwiri yokha.

Pa ulendo wina wa ntchito, Mi-ran anali m'ndege imene inanyamuka bwinobwino n'kungosowa pamwamba pa nyanja ya kum'mwera, osasiya ngakhale utsi. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Abale, imfa yokhala ndi mtembo ndi yabwino, ndikunena ine. Umalira, umaika, umadziwa tsiku loyala tebulo la mwambo chaka ndi chaka kuti wakufayo azibwera kudzadya kwawo. Ife tinalibe mtembo, tinalibe tsiku, tinalibe ngakhale nsapato imodzi. Dal-su sanalire pagulu. Anagula mapu aakulu a nyanja, anawayala pansi m'chipinda cha mwana wake, n'kumakwawa pamenepo tsiku lonse ndi rula ndi pensulo. Ok-bun zaka ziwiri zathunthu ankapakula mpunga m'mbale ya mkuwa ya Mi-ran, n'kuvundikira, n'kuifunditsa bulangeti pakona yofunda ya chipinda, monga timachitira munthu akachedwa kuweruka. M'mawa ankaudya yekha mpunga wozizirawo. Ine zinkandipweteka mpaka ndinasiya kupitako nthawi ya chakudya.

Tsiku lina masana, tikusankha nsomba pa benchi lake kumsika, Ok-bun anangoti, "Alamu, ndatopa kudikira wamoyo. Mwana wanga akuzizidwa m'madzimo. Wina andibweretsere ngakhale mzimu wake, adzadye kwawo."

Mwezi womwewo sitima imene Dal-su anagwirako zaka khumi zomaliza inalowa pa doko lathu kudzakonzedwa. Mbiri inamveka yoti aichita hayala kukafufuza ndege ija, ndipo akuipachika makina omvetsera pansi pa nyanja. Dal-su sanauze munthu. Anangovala jekete lake lakale n'kukaonekera kwa kapitawo wake, a Byeon.

Lamulo linali loti wachibale wa osowa aja asakwere, ndipo a Byeon ankadziwa zonse, anabwera ngakhale kudzatipepesa. Akuti anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti, "Iwe Dikirani, maso angawa akalamba, mndandanda wa maina uja sindinauwerenge bwino. Koma ukalira pamaso pa azungu ndikuponya m'madzi ndekha. Lolemba ubwere ndi chikwama."

Tinapita atatu, ine, Dal-su ndi Ok-bun, kwa Mayi Pyo, mudang wa m'dera lathu, kunena kuti sing'anga wa mizimu, amene amakhala pamwamba pa sitolo ya mbedza ndi maukonde. Mayi ameneyu amalankhula ndi mizimu ndudu ili pakamwa, mafoni awiri ali pantchafu, koma ntchito yake amaidziwa. Ndi iye amene amavuula mizimu ya asodzi athu akamira. Anatenga mbale ya Mi-ran ija, anathiramo mpunga wosaphika, anavundikira, n'kuimanga ndi nsalu yoyera yaitali.

"Tamverani bwino, abambo ake a Mi-ran," anatero. "Mukafika pomwe mwana wagona, muponye mbaleyi, nsonga ya nsalu muli chigwirire. Muitane dzina lake katatu, mukoke. Osatsegula. Ndidzatsegula ndine kunyumba kwanu. Tikadzapezamo tsitsi, ndiye kuti wakwera, wabwera. Koma mumaponya kamodzi kokha, ndipo muponye pamalo pake. M'nyanjamo mwadzaza anjala opanda owakumbukira. Akaona mpunga amakwera aliyense, mungatibweretsere mlendo."

Ine mumtima ndinangoti, iii, mayi inu, mukanadziwa munthu amene mukumuuza zimenezi. Pamalo pake! Kumuuza Dal-su kuti pamalo pake!

Tsiku lonyamuka tinamuperekeza pa doko. Ok-bun anam'patsa mabotolo awiri a kimchi, kabichi wathu wowawasa uja, anam'konza kolala, n'kunena motsitsa moti ndinachita kusendera. "Abambo ake a Mi-ran, zaka zonsezi mumapita n'kubwera nokha, sindinadandaulepo. Ulendo uno musabwere nokha." Dal-su anangogwedeza mutu, anakwera.

Anapita miyezi inayi. Za kumeneko ndinazimva pambuyo, kuchokera pakamwa pake. Akuti nyanja yake ilibe mtunda, ilibe sitima ina, madzi akuda bii. Iye ankatsitsa makina aja m'madzi ndi kuwavuula, ndipo sitima inkayenda pang'onopang'ono, kupita n'kubwerera ngati munthu wosita chinsalu chachikulu. Mbale inali m'kabati mwake, ataikulunga m'juzi.

Patatha masabata asanu makina anaona kanthu. Anthu onse anathamangira ku chipinda cha masikirini, ophika omwe. Dal-su anayamba wathamangira ku kabati, n'kubisa mbale m'jekete. Anatsitsa yekha makina okhala ndi maso, ndipo anadikira maola anayi kuti afike pansi. Pa sikirini panaoneka nangula, matabwa ovunda, ndi mulu wa malasha. Inali sitima yamakedzana imene palibe ankaifuna. Anakabweza mbale m'juzi muja.

Kachiwiri inali kontena. Kachitatu unali mwala.

A Byeon anamupeza tsiku lina akusuta kuseri kwa kireni, nyanja ili phee. "Iwe, lero kwacha bwino. Ponya mbale yakoyo. Ine ndiyang'ana uko, ndiziwerenga mitambo."

"Si pano."

"Wadziwa bwanji kuti si pano? Madziwa ndi amodzi, mwana wako ali m'menemu. Ponya, Dal-su."

"Munawaona eni malasha aja? Zaka zana ali pansipa, palibe anawapatsapo chakudya. Ndikaponya pano akwera ndi iwo. Ndikawauze chiyani mayi ake? Kwatsala chigawo chimodzi pa mapu, chakumpoto. Ali kumeneko. Dikirani kaye."

"Koma ndiwe chitsiru chenicheni," anatero a Byeon, ndipo akuti anachoka akupukuta m'maso.

Chigawo chakumpotocho sanafikeko. Patapita masiku atatu mphepo inatembenuka, ndipo uthenga unabwera kuchokera kumtunda woti kufufuza kwatha, sitima ithawe namondwe. Zitseko zonse zotulukira panja anazikhoma, poti mafunde ankadutsa pamwamba pa sitima. Dal-su anapita kwa a Byeon, mbale m'manja, n'kugwada, munthu amene sanagwadirepo aliyense. Anapempha kuti amutsegulire mphindi ziwiri zokha, aponya paliponse, ngakhale pa eni malasha. A Byeon anakana, ndipo sindiwaimba mlandu, akanatsegula tikanalira awiri. Masiku asanu ndi limodzi anakhala m'kati. Pamene ankatsegula zitseko, madzi anali obiriwira ndipo nyumba za ku Australia zinkaoneka. Mwana anali atatsala kutali.

Anabwera pa ndege, koma sanapite kwawo. Anafika kwa ine masana, ndikuthira mchere kabichi, n'kuika kamtolo ka juzi patebulo. Thupi lonse linali litatha, atangotsala mafupa. Ndinagwira nsalu ija. Youma gwa.

"Achemwali," anatero, "sindinaponye."

Ndinamva, koma ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza, n'kufotokoza zonse. Apo ndiye ndinapsa mtima, ndipo zimene ndinalankhula ndidzafa nazo. "Miyezi inayi! Miyezi inayi uli pamwamba pa mwana wako, iwe n'kumati dikirani kaye? Pobadwa kunalibe iwe, pomaliza sukulu kunalibe iwe, lero wafika pamutu pake penipeni n'kubwerako chimanjamanja? Unapitiranji?" Anangoti khuma, manja aakulu aja ali pamaondo, misozi ikudonthera patebulo. Ndinalira nanenso, uku ndikumutukwanabe.

Kenako ndinaganiza za Ok-bun, amene anali atachapa kale makatani n'kugula maapulo ndi nsomba za mwambo. Ndinati ayi, mkazi uja mbale youma imupha. Nzeru yonse imene inatsatira inali yanga, Dal-su musamuikemo.

Ndinamasula nsalu ija. Dal-su anati, "Achemwali, anati osatsegula," ine ndinati atseke pakamwa. Mpunga unali utafumbwa, anankafumbwe ali yakaliyakali. Ndinautaya, ndinatsuka mbale, ndinawerama pa thumba langa n'kuthiramo wina, n'kumanganso mfundo monga anamangira Mayi Pyo. Nthawi ya chakudya cha masana, anthu atapita kokadya, tinatsikira kuseri kwa kokonzera sitima, pomwe ndinagwira ntchito moyo wanga wonse. Madzi a pamenepo mumawadziwa, mafuta ali nyezinyezi pamwamba.

"Ponya," ndinatero.

"Si pano, Achemwali."

"Ndikudziwa kuti si pano, galu iwe! Bweretsa."

Ndinaponya ndine, chubwi. Iye anangogwira nsonga ya nsalu. Kuitana kunamukanika, ndiye ndinaitana ndine, ndi mawu angawa amene amamveka mpaka pa mlatho. "Mi-ran! Tak Mi-ran! Tiye kwanu, mwana iwe!" Katatu. Ndikuuzeni zoona, pa kachitatu ndinali nditayamba kukhulupirira. Dal-su anakoka pang'onopang'ono, mosamala monga amavuulira katundu wa kampani, kenako anakhala pansi pa simenti n'kubisa nkhope.

Masiku atatu ndinamubisa m'nyumba mwanga, misewu iwiri yokha kuchokera kwa mkazi wake, mbale ili padenga kuti nsalu iume, ioneke ngati yachokera kutali. Pa windo langa la kukhitchini denga lawo limaoneka. Dal-su ankakhala pamenepo kuseri kwa katani, kuonerera mkazi wake akuyanika zofunda za Mi-ran padzuwa. Chakudya ndinkachita kumuopseza kuti adye. Ok-bun anandiimbira kufunsa ngati ndamvako kanthu za ulendo wa mwamuna wake, ine ndinakuwa kuti foni sikumveka, n'kudula.

Tsiku la mwambo m'nyumba munadzaza fungo la lubani ndi zokazinga. Ok-bun anavala zoyera, anaphika msuzi wa ndere za m'nyanja umene Mi-ran ankaukonda. Mwamuna wake atalowa ndi mbale, anailandira ndi manja awiri n'kuigunditsa patsaya. "Wazizidwa, mwanawe," anatero. Dal-su anayang'ana pansi.

Mayi Pyo anaimba, anagwedeza mabelu ake, anamasula mfundo, n'kuvundukula. Anayamba kufukula mpunga wonyowawo ndi chala. Ine ndinkadziwa kuti mulibe kanthu, ndipo bodza lotonthozera mlamu wanga ndinali nditakonza kale. Ndiye ndinangoona chala chija chaima. Anasolola tsitsi limodzi n'kuliika pachikhatho.

Linali lalifupi, la imvi, loyera mbee. Mi-ran tsitsi lake linali lakuda, lofika m'chiuno.

Mayi Pyo anausa moyo. "Uyu si mwana wanu. Ndinakuuzani ine, abambo ake a Mi-ran. Mwatibweretsera nkhalamba ya eni."

Ok-bun anatembenukira kwa mwamuna wake. Sanakuwe. "Munaponya pati?"

"Pomwe ndinatha kufika," anatero Dal-su. Mawu ake ndinachita kuwawerenga pamilomo.

"Musadandaule," anatero Mayi Pyo, uku akufunafuna ndudu m'chikwama. "Mawa titsikire kudoko, tikamubwezere m'madzi. Sitingamusunge muno, sitikumudziwa."

"Ayi." Ok-bun anatambasula dzanja, anatenga tsitsi lija n'kulikulunga m'kansalu. "Agogo amenewa achokera kutali, ali ndi njala. Msuzi ndaphika kale. Akhale." Anagunditsa kansaluko pachifuwa, kenako anati, "Tsiku lina wina adzaponya mbale yake molakwika kumeneko, adzakoka wanga. Ndikufuna adzamulandire, asadzamubwezere m'madzi."

Apo Dal-su analira mokweza, kulira kumene sindinamumvepo ngakhale ali mwana. Tinagwada tonse, tinaweramira tsitsi lija kawiri monga mwa mwambo, ndipo Ok-bun anaimika supuni mumpunga kuti mlendo adye.

Nditafika kwanga, ndikuvula zoyera zija, ndinaona paphewa panga tsitsi lina, lalifupi, loyera mbee. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndinakumbukira mmene ndinaweramira pa thumba la mpunga tsiku lija, kumutu kopanda mpango, thukuta lili kamukamu. Ndinangokhala pansi pakhomo la bafa.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Dal-su sanakwerenso sitima, ndipo ulonda wa masana pa geti paja anangomupatsa pomumvera chisoni. Iye amakhulupirira kuti tinavuula nkhalamba ina imene inamira pa doko lathu lomweli, ndipo kunamiza mkazi wake kumamudya tsiku ndi tsiku. Ok-bun amakhulupirira kuti agogowo anachokera ku nyanja ya kum'mwera, mwina anakhala moyandikana ndi Mi-ran m'ndege muja. Chaka chilichonse, tsiku lomwe lija, amayala tebulo, amaphika msuzi, amatsegula chitseko kuti mlendo wake alowe.

Ine amandiitana kuti ndidzathandize kukazinga, ndipo ndimapita. Ndimamanga mpango kumutu zolimba, ndimagwada pambali pa mlamu wanga, n'kuweramira kansalu kaja kawiri. M'mbale muja simunakwere aliyense, abale. Mi-ran akadali komweko m'madzi ozizira, ndipo wodziwa zimenezi ndine, kuphatikiza inu tsopano. Mukakamuuza Ok-bun ndikuswani ndi hamala, sindikuseka. Mtima wanga umandiwawa mokwanira.

Chaka chatha titamaliza mwambo, tikutsuka mbale, Ok-bun anandigwira dzanja, lake lili ndi thovu. "Alamu, agogowa lero akhuta, ndikumva mumtima. Ndiye kuti wanganso wadya kwinakwake, eti?"

Ndinamuyankha kuti inde, wadya.